Kashopu koyeza jade ku Hualin, Guangzhou: 50 yuan imene ndinachedwa kulipira

Abale anga a geni, makamaka inu amene mumakwera ndege kudzera ku Addis Ababa kukaoda katundu ku Guangzhou, ndati ndikuuzeni za kashopu kena koyeza miyala komwe ndinakapeza ku Hualin, msika wa jade, mwala wodula uja wosemera zibangili ndi mikanda, chifukwa ndalama imene ndinalipira pamenepo pa chinthu chimodzi siyikwana olo ya nkhomaliro ya anthu awiri koma ndikanailipira chaka chatha sindikanakhala miyezi yonse ija ndikuzemba alamu anga ku tchalitchi. Ine geni yanga ndi zikwama, mawigi ndi tindolo, za miyala si mbali yanga, ndinangolowamo chifukwa cha dyera basi, ndivomere.

Zinayamba chonchi. Ulendo wa chaka chatha, tsiku lomaliza, katundu ndapakira kale kwa a kago, mthumba mwatsala ka 2,000 yuan, nde madzulo ndikubwerera kogona ndinapeza bambo wina atayala nsalu yakuda pa katebulo, pamwamba pake zibangili zobiriwira mbee zikuwala ndi nyale imene anaiyika dala pafupi. Anandigwira ndi maso, nkunditengera chimodzi kundikhudzitsa patsaya, chozizira ngati chachokera mu filiji, kenako anazula tsitsi lake limodzi nkulikulunga pa chibangilicho nkuyatsa layita, tsitsi osapsa. Ine kukamwa yasaa. Anachigogoda ndi kandalama kachitsulo chinalira ngwee, anakanda nacho botolo chinasiya mzere, pomaliza anatulutsa timakadi ta pulasitiki tokhala ndi chithunzi ndi zidindo zofiira akuti satifiketi zoti ndi jade yeniyeni. Mayeso 4 onse chakhoza, pepala liliponso, munthu ungafunenso chani? Ndinanenerera mpaka tinagwirizana 1,500 yuan pa zibangili 5, ndipo chifukwa choti ndinagula zambiri anandiponyera ka banyira, kamwala kozungulira ngati batani lalikulu kobowoka pakati, kotuwa, kosaoneka bwino, koti ndinangokaponya mkachikwama ka zodzola nkuiwala.

Kumudzi zinayenda ngati mandasi otentha. Zitatu ndinagulitsa kwa makasitomala anga akale, chimodzi ndinavala ndekha, chokongola kwambiri chija anagula alamu anga, akazi a achimwene, ndipo ndinawachotserako pang'ono poti ndi pachibale, iwo nkumathokoza. Patatha miyezi ngati 8, dzuwa la Okutobala litachita zake komanso sopo wochapira tsiku ndi tsiku, tinakumana pa chinkhoswe cha mwana wa asuweni, anandikokera pambali nkutambasula mkono, amvekere, "Alamu, tandiuzeni, kodi mwala umasuluka ngati chitenje?" Kuyang'ana, kubiriwira kuja kwathawa, kwatsala mawangamawanga, mbali ina yachita chikasu ngati chidebe cha pulasitiki chokhalitsa padzuwa. Sanakalipe ayi, alamu anga ndi munthu waulemu, koma bola akanangondilalatira. Ndalama ndinawabwezera, ndinabwezeranso makasitomala awiri, wachitatu anakana kubweza chake akuti chikumukhala bwino kaya ndi mwala kaya ndi botolo, nde ndinasonkhanitsa 4 pamodzi ndi changa nkunena kuti izi ndibwerera nazo komweko ndikamve kuti ndinagula chani.

Kupita ku Hualin sikovuta. Amene mumagona cha ku Xiaobei, kwerani sitima yapansi ija Line 5 siteshoni imodzi kufika Guangzhou Railway Station, musinthe Line 2 mpaka Gongyuanqian, musinthenso Line 1 mutsike pa Changshou Lu, kuchoka apo ndi kuyenda wapansi pang'ono, ndi dera la Liwan, pafupi ndi kachisi wakale wa Hualin komanso msewu wa masitolo uja wa Shangxiajiu. Musayembekezere msika umodzi wokhala ndi geti ayi, ndi timisewu ndi nyumba zosanja zodzaza matebulo a galasi, zibangili zomangidwa mitolo ndi labala ngati ndi tomato wa pa Jenda, ena akulunga mikanda, ena akuwalitsa miyala ndi tochi, ena akugulitsa pa foni akulankhula okha kutsogolo kwa kamera. Chinthu chimodzi ndinachiphunzira pompo: jade sapatsirana pamanja. Wogulitsa amaika pa thireyi ya nsalu, iwe utole wekha, ukamaliza ubwezere pa thireyi pomwepo, kuti chikagwa nkusweka pasakhale kukanirana kuti anagwetsa ndani. Ndinatambasula dzanja kuti mayi wina andipatse chibangili, anangogogoda pa thireyi ndi chala osandiyang'ana nkomwe.

Kashopu ndikunenaka kali mmwamba mwa imodzi mwa nyumba zimenezi, anandilozera ndi mayi yemweyo nditamuonetsa zibangili zanga iye nkuseka chogwira pakamwa. Ndi kachipinda kakang'ono, kauntala kutsogolo, kuseri kwa galasi atsikana awiri ndi mnyamata mmodzi ovala makhoti oyera ngati a ku labu ya chipatala. Pamzere panali ogulitsa amumsika momwemo atanyamula mabokosi, zimene zinandilimbitsa mtima kuti ngati eni geni akubwera pompano nde kuti si malo ongodyera alendo. Chizungu palibe amene amachilankhula bwino, tinkangolemberana pa foni nkumasulira, koma mtsikana amene ananditenga anali wodekha. Chinthu chilichonse anachiika mkathumba kakekake nkulemba nambala, ine nkusaina, mtengo 50 yuan chimodzi. Pamene ndimatulutsa ndalama mpamene ka banyira kaja kanagwa kuchokera mkachikwama, nde ndinati aaa ikani nakonso, tione.

Chimene ndinakonda nchoti ntchito yonse imaoneka kudzera pagalasi, sakupita nacho kuseri katundu wako. Anayamba kuyeza kulemera pa sikelo, kenako kuyezanso chili mmadzi, kenako anachigoneka pa kamakina kena atadontheza kamadzi nkusuzumira, komwe kamaonetsa mmene kuwala kumapindikira mkati mwa mwala, jadeite, womwe ndi mtundu umodzi wa jade yeniyeni, amapereka 1.66. Atatero maikulosikopu, kenako kabokosi ka mdima kokhala ndi nyale yapepo, pomaliza makina a infrared olumikiza ku kompyuta omwe amajambula mizere yokwera ndi kutsika. Makina omalizawa ndi amene ukulipira kwenikweni, zinazo munthu utha kuyeserera kunyumba koma awa ayi, ndi amene amanunkhiza guluu wobisika mkati mwa mwala.

Zotsatira zake kkkk ndisekeretu. Changa chomwe ndinkanyadira, galasi. Botolo lenileni. Anandiitana kuti ndisuzumire ndekha ndinaona timathovu tozungulira mkati ngati mu sopo, ndipo mkati mwa mkombero muli kamsoko kosalazidwa komwe chikombole chake chinakumanirana poumba. Ziwiri za makasitomala anati ndi quartzite yonyikidwa mu utoto, mwala weniweni inde koma wa mtundu wa nsangalabwi, umene kumeneko amaupatsa dzina lokoma loti Malaysia jade chonsecho si jade ndipo sukumbidwa ku Malaysia. Pa maikulosikopu utoto wake umaoneka utakhazikika mmizere pakati pa timibulu ngati mitsitsi ya udzu, mbulu weniweniwo uli woyera. Cha alamu anga nde chinali ndi nkhani, anati ichi ndi jadeite yeniyeni, ine mtima phaa kuti nde sindinawanamize, kenako analemba pa foni B+C nkupukusa mutu.

Apa mpofunika ndifotokoze bwino chifukwa mpamene ambirife timagwera. Mu geni imeneyi amati A, B ndi C, koma si magiredi ngati a fodya ku okushoni kuti A ndi wabwino kwambiri B wotsatira ayi. A ndi mwala monga unatulukira pansi, angousema, kuupukuta ndi kuupaka kaphula pamwamba basi, ukhoza kukhala wonyansa wotchipa koma ndi A. B ndi jadeite yeniyeni koma yauve, yamadontho abulauni, imene amainyika mu asidi wamphamvu mpaka litsiro lonse lidyeke, ndipo asidiyo amadyanso mwalawo umatsala wofumbutuka ngati choko, nde amaupopera guluu wa pulasitiki kuti ugwirane ndi kuwala. Zimenezi zinafala kuyambira mzaka za mma 1980. C ndi wothira utoto, B+C ndi zonse ziwiri, asidi, utoto kenako guluu. Tsiku logula umaoneka bwino kuposa A wa mtengo womwewo, chikomekome cha mkuyu chija, koma guluu amakalamba, amachita chikasu, utoto umathawa dzuwa, ndipo mwalawo mphamvu ulibenso, ukangogunda pa sinki waduka. Chimene chimapweteka nchoti B amalemera pafupifupi chimodzimodzi ndi A, amazizira chimodzimodzi, wogulitsa akalumbira kuti ndi jade yeniyeni sakunama kwenikweni, wangosiya kukuuza theka linalo.

Ka banyira kaja, kotuwa kosaoneka bwino kaja, ndiko kokha kanatuluka A. Mtsikana uja anachita kuseka mpaka kuitana mnzake. Nditafunsa kuti nde kangagulidwe zingati anakupiza dzanja kukana, akuti iwo za mtengo sanena.

Tsono matsenga a bambo wa katebulo aja, ndinawafunsa limodzilimodzi pamene timadikira mapepala, ndipo ena ndinadzayesa ndekha kunyumba. La tsitsi ndi bodza lamkunkhuniza, tsitsi lomangidwa zolimba pa chinthu chozizira silipsa msanga chifukwa chinthucho chimamwa kutentha, ndinayesa pa botolo la Fanta zinatheka bwinobwino. Kuzizira patsaya kumangokuuza kuti si pulasitiki, nsangalabwi ya mu mtsinje imaziziranso. Kukanda galasi nakonso sikuthandiza, pa mulingo wa Mohs woyezera kulimba kwa miyala jadeite ili pa 6.5 mpaka 7, galasi ndi mpeni zili cha pa 5.5, koma quartz ili pa 7, nde feki wa quartzite amakanda botolo kuposanso jade yeniyeniyo. Mpeni umangogwira miyala yofewa ngati serpentine imene amaigulitsa ndi dzina loti new jade, koma musayerekeze kukanda katundu wa eni pamsika mudzalipira. Kulira kuja kuli ndi kanzeru pang'ono, chibangili cha A ukachipachika pa ulusi nkuchigogoda chimalira mokweza ndi motalika pamene B amalira mogontha ngati mbale yong'aluka, vuto nloti A wokhala ndi mng'alu amagonthanso ndipo galasi ndi agate zimalira mokoma zedi, nde khutu lokha silingakupulumutse.

Chimene chimagwiradi ntchito kunyumba ndi madzi ndi sikelo, kasikelo kakang'ono kaja kowerenga mpaka 0.1 g. Yezani chibangili, lembani. Ikani kapu ya madzi pa sikelo, ibwezereni pa 0, mangani chibangili ndi ulusi nkuchilowetsa chonse mmadzi chili lende osakhudza pansi kapena mmbali, lembani nambala imene yabwera, kenako gawani yoyamba ija ndi yachiwiriyi. Jadeite imabwera cha pa 3.33, nephrite, mtundu wina wa jade yeniyeni, cha pa 2.95, quartz 2.65, galasi wamba cha pa 2.5. Changa cha botolo chija chinali 48 g, mmadzi 19 g, kugawa 2.5, ndendende. Ndikanadziwa kasamu kameneka zibangili 3 mwa 4 ndikanazigwira ndili pa khonde panga. Koma cha alamu chikanadutsabe, ndipo anzathu a ku Joni chenjerani ndi mwala wina wobiriwira wokumbidwa konko umene amautcha Transvaal jade, ndi wa mtundu wa garnet, wolemera mofanana kapena kuposerako pang'ono jadeite, pa sikelo umakhoza mayeso. Katochi kapepo kaja koyezera ndalama zachinyengo mmashopu kamathandizanso, B wambiri amawala moyera mobiriwira ngati mtambo mu mdima chifukwa cha guluu, koma si onse, ndipo phula wa pa A nayenso nthawi zina amawalako pang'ono. Ndi galasi lokulitsa, pamwamba pa B pamaoneka timing'alu tolukanalukana ngati ukonde wa kangaude, komwe asidi anadutsa.

Za masatifiketi nde mpamene ndinachita manyazi kwambiri, safunsa anadya phula ndithu, ine ndinadya ndi guluu yemwe. Timakadi 5 tija nditatiyala pa kauntala mtsikana uja anangoloza ndi cholembera, chithunzi chimodzimodzi pa tonse, kulemera kofanana pa tonse mpaka kadontho, zibangili 5 zosiyana zingalemere chimodzimodzi bwanji? Kusikana kachizindikiro ka QR kanatipititsa pa tsamba loti silitseguka. Zinali pamaso panga chaka chonse. Satifiketi yeniyeni imakhala ndi nambala yoti ukailowetsa pa webusaiti ya labuyo pabwere chithunzi cha chinthu chako chomwecho ndi kulemera kwake, ndipo uyenera kuchiyeza wekha uone ngati zikugwirizana, chifukwa ena amatenga pepala lenileni nkuliphatikiza ndi mwala wina. Imakhalanso ndi chidindo cha CMA chosonyeza kuti labuyo ndi yovomerezeka ndi boma, ndipo labu yaikulu imene aliyense amaidziwa ku China ndi NGTC. Muloweze zilembo izi olo Chitchaina simuchidziwa: 翡翠 ndi feicui, kutanthauza jadeite, ndipo mukaona 处理 pafupi pake ndiye kuti mwalawo anaukonza, ndi B kapena C. Chinthu china chobisika, liwu lawo loti yu, lolembedwa 玉, ndi lotambalala, limakwirira miyala yambiri yosema, ngakhale dzina la quartzite limathera ndi chilembo chimenechi, nde wogulitsa amangokuloza chilembo chomalizacho amvekere jade jade, pepala ndi loona, iwe wagula nsangalabwi.

Paja jade yeniyeni ilipo mitundu iwiri, anaisiyanitsa ndi katswiri wa ku France Alexis Damour mu 1863. Jadeite ndi ya zibangili zobiriwira zodula zija ndipo yambiri imachokera ku Hpakant ku Kachin, kumpoto kwa Myanmar. Nephrite ndi imene Matchaina akhala nayo zaka masauzande, yotchuka ndi ya ku Hotan ku Xinjiang, yoyera yooneka ngati mafuta a nkhosa, ikupezekanso ku Canada ndi ku New Zealand, ndi imene anaika pa mamendulo a Olympics ya ku Beijing mu 2008. Mukakhala ndi masana amodzi opanda chochita pitani ku nyumba yosungirako zakale ya mfumu ya Nanyue pafupi ndi Yuexiu Park, si patali ndi Xiaobei, manda ake anawapeza mu 1983 ndipo mfumuyo, Zhao Mo, anaiika itavala chovala cha timapale ta jade 2,291 tolumikizidwa ndi ulusi wa silika. Ine nditaona chimenecho mpamene ndinamvetsa kuti kwa anthuwa mwalawu si chokongoletsera chabe ngati tindolo tanga tija. Ndipo za mtengo, mkanda wina wa timibulu 27 tobiriwira wotchedwa Hutton-Mdivani unagulitsidwa ku Sotheby's ku Hong Kong mu 2014 pa madola oposa 27 miliyoni. Nde ine ndi 300 yuan yanga pa chibangili ndinkaganiza kuti ndapeza kubiriwira komweko pa katebulo ka mmbali mwa msewu, mxii. Kubiriwira kowala kofanana paliponse, koonekera mkati ngati madzi, pa mtengo wa nsapato, palibenso chifukwa chopitira ku labu, yankho mwalidziwa kale.

Ndinenenso ichi olo chikusokoneza nkhani. Ku Hpakant kuja anthu osauka amatola miyala mmilu ya dothi lotayidwa ndi makampani, ndipo mu Julaye 2020 dothi linagumuka nkupha anthu oposa 170 tsiku limodzi. Ndinakumbuka anyamata athu okumba aquamarine ku Mzimba ndi a golide mmitsinje, amene amagulitsa mwala pa mtengo wa thumba la chimanga wina nkukaupindulira kunja. Ukayima pakati pa matebulo onyezimira a ku Hualin zimenezi sizioneka.

Tibwerere ku kashopu kathu, zoipa zake ndisabise. Choyamba ndalama yapamanja anachita nayo nkhope, amafuna WeChat kapena Alipay, yanga inali isakuyenda tsiku limenelo mpaka bambo wina wa pamzere anandilipirira pa foni ine nkumupatsa kashi. Mipando ilipo iwiri yokha, ndinaima pafupifupi maola awiri, ndipo itakwana nthawi ya nkhomaliro anangotseka kawindo nkuyamba kudya ife tili chiimire, osanena olo kuti tibwere nthawi yanji. Pepala lawo ndi Chitchaina pafupifupi lonse, kasitomala wa ku Area 25 ukamuonetsa angoona zidindo basi ngati mmene ndinaonera ine kwa bambo uja. Kufotokoza sakufotokozera pawokha, ukapanda kufunsa amangokupatsa kathumba kako ndi pepala, wotsatira. Ine ndinachita kukakamira ndipo mwayi unali woti mtsikanayo anali wamtima wabwino, mnyamata uja ankaoneka kuti ndikumuchedwetsa. Ndipo chachikulu, pepala limangonena kuti mwalawu ndi chani, silinena kuti ndi wokongola, silinena mtengo, kawirikawiri silinenanso komwe unakumbidwa, chonsecho masiku ano mumsika mwadzaza jadeite ya ku Guatemala imene ndi A ndithu koma imatchipa poyerekeza ndi ya ku Myanmar. Utha kukhala ndi satifiketi yabwinobwino ya A nkukhala utalipira katatu mtengo wake, apo labu ilibe nawe ntchito.

Komabe mawa lake ndinabwereranso, ulendo uno ndi cholinga chogulira alamu anga chenicheni. Ndinazungulira mmawa wonse osagula, kumangofunsa mitengo ya zofanana kuti khutu lizolowere. Kumeneko ukatchula mtengo wako wogulitsa nkuvomera, wagula, kubwerera mmbuyo ndi mwano waukulu, nde osamangotchula manambala mwachibwana ngati tili pa kaunjika. Ndinapeza kwa mayi uja wa thireyi chibangili chotuwira, choyera ngati phala la mpunga, chokhala ndi kachigamba kamodzi kobiriwira mbali imodzi ndi timitambo mkati, ndinapempha kutuluka nacho panja pa dzuwa chifukwa nyale za mmatebulo zija zimanamiza mtundu, anandiperekeza mpaka pakhomo. Ndinachiyendetsa chikhadabo kuzungulira konse kufuna mng'alu, chikhadabo chikakodwa pamzere ndiye kuti ndi mng'alu weniweni. Saizi ndinali nditayeza kale pa chakale chija, 58 mm mkati, paja izi sizitambasuka, povala amachita kuveka dzanja kajumbo ka pulasitiki kapena sopo kuti chitsetsereke. Tinagwirizana 1,200 yuan, ndinalemba pa foni kuti ndilipira tikachoka ku labu, chikatuluka A ya labu ndilipira ine, chikatuluka china alipira iwo ndipo sindigula. Sanazengereze olo pang'ono, anatseka kabati nkunyamuka nane, ndipo kunena zoona kunyamuka kumeneko kunandiuza zambiri pepala lisanatuluke. Tebulo lina dzulo lake nditanena mawu omwewa mnyamata wake anayamba zoti labu ili kutali, satifiketi ilipo kale, nthawi yatha, ine ndinangothokoza nkudutsa.

Chinatuluka A, 55 g, ndinalowetsa nambala pa foni tili pomwepo chithunzi chinabwera chomwecho ndi kachigamba kake. Ulendo uno mzere unali waufupi, mphindi 40 zokha, ndipo mtsikana uja anandizindikira nkundifunsa pa foni ngati botolo langa ndikuvalabe. Pa nyenyezi 5 kashopuka ndikapatsa 4, imodzi ndachotsa chifukwa cha mipando ndi kawindo ka nkhomaliro kaja, ndipo amene mukufuna kugula chodula kwenikweni, cha madola masauzande, kashopu ngati aka kakhale poyambira chabe, kachiyezetseninso ku labu yaikulu.

Alamu anga ndinakawapatsa Lamulungu tikuweruka ku tchalitchi, pamodzi ndi pepala lake mu envelopu. Anachitembenuzatembenuza, kuchiyang'anitsa padzuwa, amvekere, "Zikomo alamu, koma chija chinali chobiriwira bwino, ichi chikuoneka ngati chasuluka kale." Ndinawauza kuti ichi mmene chililimu ndi mmene adzachisiyire adzukulu, anangoti tiona Okutobala. Ka banyira kaja ndinakamangira ulusi wakuda kali mkhosi mwa mwana wanga wamkazi, ndipo cha botolo chija chili pa shelefu mu shopu, kasitomala akafunsa ndimamupatsa kasikelo ndi kapu ya madzi kuti awerengere yekha.